Fomu ya Chete

Fomu inali patebulo kuyambira m'mawa, koma kapitawo wa oyeretsa zipinda pahotelapo, mayi wosaopa munthu, ankaizemba ngati simbi yamoto. Inali ya Chete, mtsikana amene miyezi yake itatu yoyesedwa ntchito inkatha tsiku lomwelo. Alendo awiri anali atadandaula kuti sapereka moni ndipo samwetulira.

A manijala, okonda Chizungu ngati anayamwira, analamula kuti m'bokosi lomaliza mulembedwe liwu limodzi.

"Mukalemba mood, ndiye kuti wangodzukira kumanzere, n'zakanthawi, timupatsa mwezi wina. Mukalemba attitude, ndi khalidwe lake, sasintha. Ameneyo abweze yunifomu lero lomwe."

Kulamula n'kosavuta ukakhala pampando wawofuwofu. Kapitawo mtima unali m'mwamba. Akamuikira kumbuyo mwanayo, mlendo wina n'kudandaulanso, fomu yotsatira idzakhala ya iye mwini. Koma Chete ankayala bedi osasiya khwinya ngakhale limodzi, bafa ankalisiya lili mbee. Munthu wotere n'kumutaya chifukwa cha nkhope?

Anamupeza m'chipinda chosungira nsalu akupinda matawulo.

"Iwe, alendo akulakwira chiyani? Tamwetulira ndione."

"Pepani amayi," anayankha Chete, dzanja lili pakamwa. Apa kapitawo anakumbukira kuti dzanjalo lakhala pamenepo masabata atatu.

"Chotsa dzanjalo."

Analichotsa pang'onopang'ono. Mano awiri akutsogolo panalibe, ndipo mlomo wam'mwamba unali usanapole m'kati.

"Ndinagwa, amayi. Abambo akunyumba ndi mboni."

Kapitawo sanafunsenso. Lilime lake linapita lokha pa dzino lake loikirira. Nayenso anakhala akugwa choncho zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mwamuna wake ndiye ankakhala mboni nthawi zonse. Mantha anamugwira, osati a ntchito ayi.

Anabwerera kutebulo n'kulemba zilembo zinayi.

A manijala anasuzumira pafomupo. "Mood. Ndiye mukunditsimikizira kuti zitha?"

"Zitha, bwana."

"Pakutha pa mwezi ndimuone akuseka."

Nthawi yoweruka itakwana, kapitawo anaima pawindo la m'chipinda chosungira nsalu chija. Pageti panali mwamuna wamtali, wovala bwino, akucheza ndi mlonda mwansangala. Chete atatuluka, mwamunayo anamugwira pamkono, ndipo sanamusiye mpaka anakhota pakona.