Mayi Jekeseni Akana Kukwera Ndege

Dzina loti Mayi Jekeseni anawapatsa ndi adani awo m'nyumba ya malamulo, ati mawu awo ankabaya. Iwo analilandira ndi manja awiri. Paja anagwira unamwino zaka zambiri pachipatala chachikulu, mpaka tsiku limene anatsogolera anzawo kunyanyala ntchito chifukwa odwala ankagona pansi. Anawachotsa ntchito. Chaka chotsatira, azimayi amene anachirira m'manja mwawo anawavotera uphungu. Kenako anakhala nduna ya zaumoyo, mapeto ake wachiwiri kwa pulezidenti, mpando umene anthu ankati ndi wongodulira maliboni.

Ndiye kunagwa nkhondo. Asilikali a dziko loyandikana nalo anawoloka malire nalanda mizinda itatu sabata imodzi. Pulezidenti anathawira kunja, ati akukaonana ndi madokotala.

"Bambo aja alibe ngakhale chimfine," Mayi Jekeseni anauza nduna m'mawa mwake. "Matenda awo ndi liwiro."

Palibe anaseka. Anakumana m'chipinda chapansi chosungiramo mafayilo akale, mazenera atatsekedwa ndi matumba a mchenga. Nduna ya zakunja inawakankhira pepala.

"Mayi, mwa lamulo mpandowu ndi wanu tsopano. Madzi afika m'khosi. Sainani tigonje, ndege ikutidikira."

Mayi Jekeseni analiyang'ana pepalalo.

"Ndegeyo imanyamula angati?"

"Makumi anayi."

"Zulani mipando, muyalemo matiresi. Kuwodi ya ana kuli odwala amene sangapirire mabomba. Akwere amenewo ndi amayi awo."

"Nanga ifeyo?"

"Inuyo muli ndi miyendo, achimwene."

Anang'amba pepala lija, n'kutembenukira kwa mkulu wa asilikali, amene anali pakona.

"Mlatho wolowera mumzinda muno mungautchinge masiku angati?"

"Khumi, mayi, mafuta atapezeka."

"Kapopeni m'galimoto za nduna zonse. Tiziyenda wapansi, mimbazi ziphweko."

Masana omwewo anayenda wapansi mpaka kunyumba ya wailesi, akudutsa masitolo otseka ndi anthu osenza akatundu. Mzimayi wina wobereka mwana anawazindikira.

"Mayi, inunso mukuthawa?"

"Ndikupita kuntchito, mwanawe."

Pa wailesi sanawerenge zolembedwa. "Abale anga, ndine uja munkandipeza kuwodi. Sindikunamizani, zinthu zavuta, ndipo ena tifa. Koma nyumba zino tinamanga tokha. Amene akuzifuna adzatipeza tili momwemo. Ine ndili pano, sindisuntha."

Ena anapitiriza ulendo wawo. Ambiri anatula katundu n'kupita kukadzaza mchenga m'matumba.

Mzinda sunagwe. Nkhondo inatha miyezi khumi ndi isanu ndi inayi. M'mwezi wachisanu, mwana yekhayo wa Mayi Jekeseni, woyendetsa ambulansi, anaphedwa ndi bomba akunyamula ovulala. Anamuika m'manda m'mawa, masana mayi ake anali pa msonkhano, maso atatupa. Nduna ina itayamba kupepesa, anaidula.

"Lero taika ana makumi awiri ndi atatu. Kapepeseni amayi onsewo, kwa ine mudzafike pomaliza."

Adani atatopa anapempha zokambirana, koma ankafuna kusunga umodzi wa mizinda itatu ija. Kawiri konse Mayi Jekeseni ananyamula chikwama chawo n'kutuluka, akazembe akuwatsatira m'khonde n'kumawanyengerera. Ulendo wachitatu mizinda yonse inabwezedwa.

Chisankho chitabwera, anthu anaima pamizere kuyambira m'mawa, ena pa ndodo, ena atavala zakuda. Mayi Jekeseni anapambana m'zigawo zonse kupatula chimodzi, ndipo ulendo wawo woyamba anapita komweko kukamva madandaulo.