Thole la Amalume a Gavrila

Amalume a Gavrila anali atanenetsa kuti thole lawo, Joiana, likangofa atseka khola n'kupita kwa mwana wawo ku Torino. Make wa tholelo anali atakalamba, kubereka kunatha. Tsono Joiana anayamba kutsekula m'mimba.

Ine n'kuti nditangomaliza maphunziro a zaziweto ku Cluj, ndipo matenda ndinkawakonda ngati ndagi. Iyi inali yophweka. Jakisoni wa jentamaisini amapha tizilombo koma amapweteka impso, ndiye umaperekanso mavitamini E ndi C kuti azitchinjirize. Ndinali nditaziyesa pa makoswe a kuyunivesite, ndipo palibe khoswe anadandaula.

"Adokotala a makoswe afika," anatero amalume. "Ng'ombe ndi iyi yanyangayi, musabaye galu."

"Gwirani mutu, amalume. Pakamwa mupumitseko."

Ndinabaya mlingo woyenera, mavitamini ndinapereka, ndipo ndinkabwerako m'mawa uliwonse. Kutsekula kunaleka. Koma Joiana anasiya kudzuka, maso analowa m'kati, ndipo udzu umene ankagonapo unali gwaa, wopanda mkodzo. Impso zinkafa. Ndinawerengetsanso mlingo, ndinayang'ana tsiku pa botolo, zonse zinali bwino. Ndivomere kuti ndagiyo inayamba kundikomera.

Kenako ndinaona ndowa itavundikiridwa pamwamba pa mpanda, kangaude atamangapo kale.

"Amalume, madzi akumwera pati?"

"Madzi? Wotsekula m'mimba n'kumamuthiriranso madzi? Iwe Sanziana, zimenezi sanakuphunzitseni? Mphika ukamadontha suwonjezera madzi. Bambo anga ankatero, agogo ako."

"Nanga mkaka?"

"Pang'ono, wonyowetsa lilime."

Ku Cluj makoswe ankamwa m'timabotolo tosauma, ndipo palibe buku linandiuza kuti ndifunse. Jakisoni yense uja ankagwera mu impso zouma, mavitamini n'kumalondera nyumba yopsa kale.

Ndinathamangira ku galimoto kukatenga matumba a madzi a m'mitsempha. Mtsempha wa pakhosi unali utaphwa, ndinaupeza movutikira. Amalume anagwira thumba loyamba m'mwamba.

"Akodza?"

"Mwina."

"Mwina wa kusukulu, kapena wa kuno kwathu?"

Thumba linatha, tinaika lina, udzu uli chiumire. Dzuwa litapendeka amalume anandipatsa thumbalo, n'kukaima pakhomo la khola, maso ali pa milu ya udzu wa ng'ombe imene anamweta chilimwe chonse.

"Mwana wa aneba athu a Ilie ankafuna udzu," anatero. "Umuuze abwere ndi ngolo."