Wotchi ya Ada Mhone

Ada Paston Mhone atamwalira, wotchi yawo inayendabe masiku awiri pamwamba pa kabati, kenaka inaima. Anthu a pamaliro, omwe pakamwa pawo sipasowa chonena, anagwirizana kuti yatsata mwini wake.

Mwana wawo Dyness, mayi wogulitsa nthochi ndi usipa wokazinga pa doko la Nkhata Bay, ndiye anaivula pa mkono wawo kuchipatala. Inali yachitsulo, yolemera, galasi lake lokandika pakona. Ada anabwera nayo kuchokera ku Joni Dyness asanabadwe. Anali munthu woti akhoza kugona ndi njala, koma kutuluka pakhomo opanda malaya ositidwa ndi wotchi pa mkono, zimenezo ayi.

Pogawa katundu, abale analimbirana njinga, masuti ndi ukonde. Wotchi ija aliyense ankaiyang'ana chapatali. Azakhali a Dyness, ama Magret, ananena poyera kuti chinthu chimene chafera limodzi ndi mwini wake asachisunge m'nyumba. Dyness anachita mantha, moti popukuta kabati ankailambalala. Komabe mtima unkaifuna. Akanakonda kuivala iye mwini, azimva kulemera kwake pokazinga usipa.

Ndiye anaitana Harvey.

Harvey Manda ankakonza mafoni ndi mawotchi m'kakontena pafupi ndi depoti. Anatsika kuchokera ku Mzuzu kalekale ali ndi jumbo imodzi yokha, ndipo Ada anamusunga zaka zinayi, kudya mbale imodzi ndi ana awo. Pa maliro iye ndiye ananyamula bokosi kutsogolo, kulira koposa ana obala. Kwa Dyness, ameneyo anali achimwene basi.

"Achimwene, taionani," anatero Dyness. "Kodi ingadzuke? Mwina ndi batire chabe."

Anatambasula dzanja kuti aitsitse, koma Harvey anamugwira mkono.

"Iyayi, mlongo wanga, musaigwedeze. Ndinyamula ndekha."

Anatulutsa kampango, n'kukayala pa kabati, n'kukankhirapo wotchi ija pang'onopang'ono ndi chala. Anainyamula ndi manja awiri ngati dzira. Dyness misozi inalengeza. Anati mumtima, onani ulemu umene mwana uyu akuwapatsa Ada ngakhale ali m'manda.

Harvey anaiyang'ana nthawi yaitali, napukusa mutu.

"Wotchi zakale izi, mlongo wanga… mhm."

"Yafa?"

Harvey anangousa moyo. Kenaka anati ngati azakhali akuvuta, iye akhoza kuitenga, mwina tizitsulo tina tidzathandiza pokonza za anthu. Anamufunsa katatu ngati watsimikiza. Anamupatsa ndalama yokwana thumba la makala, ndipo Dyness anathokoza kuti yewu, n'kumuonjezera phava la nthochi. Harvey anakana kuika wotchiyo m'thumba. Anatsika nayo chitunda ili pa chikhatho, akuyenda ngati mkwatibwi.

Patapita mwezi, Harvey anagula njinga yamoto yofiira, yatsopano, mapulasitiki akadali pa mpando. Dyness anaimba nthungululu ataiona. Anauza amayi anzake pa doko kuti Mulungu wamuona mlongo wake.

Tsiku lina sitima ya Ilala itakocheza, doko linadzaza monga mwa masiku onse, onyamula katundu akukuwa, matumba a usipa akukwera, malata akutsika. Bambo wina wonenepa, wovala chipewa choyera, anaima pa dengu la Dyness kugula nthochi. Bamboyo potambasula mkono, Dyness anaona wotchi ya galasi lokandika pakona. Kamuvi kakang'ono kankazungulira, kali moyo.

"Ada, pepani," anatero kwa bamboyo. "Wotchi imeneyi mwaitenga kuti?"

Bamboyo, amene anadzitchula kuti Morgan, wamalonda wa ku Lilongwe, anali wa anthu aja amene amangodikira kufunsidwa. Anati anaigula kwa mnyamata wa kontena ku depoti, ndipo mtengo wake munthu akhoza kugulira njinga yamoto n'kutsalako. Ngakhale choncho, anati, waipeza motchipa ngati waiba, chifukwa kunja anthu amaisaka ndi nyali.

"Koma inali yakufa. Batire analipeza kuti?"

Morgan anaseka mpaka chipewa chinapendama.

"Batire? Mayi, iyi sidya batire. Imadya kuyenda kwa mkono. Mukaivula n'kuisiya masiku awiri, imagona. Mukangoigwedeza chonchi, yadzuka."

Anagwedeza mkono kawiri kuti aonetse, natenga nthochi zake n'kulowa m'chigulu cha okwera sitima.

Dyness anakhala pansi. Sanali kuganiza za njinga yamoto. Ankaona kampango kaja, manja awiri aja, ndi kayendedwe ka mkwatibwi potsika chitunda. Chimene iye analirira kuti ndi ulemu, anali mantha. Harvey ankaopa kuti wotchi ingadzuke pamaso pake.

Anasiyira mnzake dengu, nakwera ku depoti. Anapeza Harvey atawerama pa foni yotsegulidwa, njinga ija itaimikidwa pakhomo, yopukutidwa mpaka kuwala.

"Mwe uli, mlongo wanga?" anamulonjera Harvey.

"Ndakumana ndi Ada pa doko," anatero Dyness. "Akuyenda bwinobwino pa mkono wa munthu wa ku Lilongwe."

Harvey anaika sikuludiraiva pansi. Sanafunse kuti akunena chiyani, ndipo zimenezo zinamupweteka Dyness koposa.

"Ine sindinaname," anatero. "Ndinati yafa ine? Mawu amenewo anatuluka pakamwa panu. Ndinakufunsani katatu, inu n'kuvomera katatu. Malonda ndi choncho, mlongo wanga. Wogula amagula ndi zimene akudziwa. Inuyo mukagula usipa motchipa kwa msodzi wotopa, mumamuuza mtengo wa ku Mzuzu?"

"Msodzi amadziwa kuti wagwira usipa. Ndipo ine sindinakuitaneni ngati wogula. Ndinaitana achimwene."

"Nanga ikanakhala pa kabati? Azakhali akanaiponya m'nyanja."

"Munkaidziwa kuyambira liti?"

Harvey anayang'ana kumbali. Anati Ada ankabwera nayo chaka ndi chaka kuti aitsuke mkati. Anali Ada omwewo amene anamuonetsa, tsiku loyamba, mmene imadzukira.

Dyness anamva mkwiyo, koma pansi pake panali manyazi, manyazi a phava la nthochi lija ndi nthungululu ija. Anali atamuthokoza munthu pomubera.

Harvey anatsegula kabokosi kagalasi, natulutsa wotchi yachikazi yonyezimira, ya mabatire.

"Tengani iyi. Ndipo za njingayo tikhoza kukambirana, sindikukana."

Dyness sanaiyang'ane n'komwe. Kumunsi Ilala inaliza lipenga lake lonyamukira, ndipo onse awiri analimva.

"Mukanandiuza mtengo wake, mwina ndikanakupatsani ndithu kuti mukagulitse, tigawane," anatero. "Mwina ayi. Koma ine ndagona mwezi wathunthu ndikukhulupirira kuti Ada anapita ndi zonse, mpaka nthawi yawo. Mumadziwa kuti inkangofuna mkono. Mkono ndinali nawo, achimwene. Ndinautambasula, inu n'kuugwira."

Harvey anabweza wotchi yonyezimira ija m'kabokosi.

Dyness anatsikira ku doko. Sitima inali itapatuka kale, anthu ataunjikana m'mbali mwake, ndipo chipewa choyera sichinkaoneka. Anakhala pa dengu lake nayamba kukonza nthochi. Lamlungu, Harvey atabwera pa njinga yake kudzaima pakhomo monga ankachitira Ada ali moyo, Dyness anatuluka, namupatsa moni mwaulemu wonse.

"Mwe uli, a Manda? Mukufuna ndani?"