Mankhusu m'radiyeta

Amuna anga a Lackson sachedwa kuloza chala. Galimoto yathu itangoyamba kutentha injini, wolakwa anali atapezeka kale: a Bashiru, mnzawo wa paubwana wogulitsa nsalu pa Songani, amene anaibwereka kamodzi kokha kutengera akazi awo kuchipatala ku Zomba.

"Anaithamangitsa ngati minibasi," ankatero.

A Bashiru atamva, anabwera okha kwathu ku Domasi Mishoni. "Achimwene, inetu ndinayenda nayo bwinobwino," anatero. Amuna anga anawayankhira pakhomo, osawapatsa ndi mpando womwe. Moni anathera pomwepo. Dzinja linadutsa, mpunga tinakolola, amuna awiri a imvi akuzembana pamsika ngati ana. Ine ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Kwa makaniko sanapiteko, poti matenda ankawadziwa kale mwini wake. Ankangoyenda ndi chigubu cha madzi kumbuyo, nkumathira.

Lachisanu lina m'mawa foni inalira. A Bashiru anali atatisiya mwadzidzidzi. A Lackson anakhala pansi nkunena kuti, "Mayi a Jenifa, ndinamukana ali moyo. Koma jeneza lomutengera kumanda ndikanyamula nawo ndi phewa langa ili."

Vuto ndi lakuti amuna angawa ndi mkulu wa mpingo, anazolowera maliro athu odikira abale a ku Joni, makwaya ndi ulaliki. Anayamba kusititsa suti. Anapita kukagula shuga wa chipepeso. Ndinawauza kuti anzathu Asilamu sagoneka maliro, akangotuluka mu mzikiti basi ulendo wa kumanda.

"Mwambo sungayambe dzuwa lili paliwombo," anandiyankha.

Mudzi wa a Bashiru uli kumtunda, ukapatuka pa Songani nkutsata msewu wafumbi. Tili pakati pa chitunda, kamuvi kosonyeza kutentha kanakwera mpaka pofiira, nthunzi nkuyamba kufuka kutsogolo. Tinaima. Iwo anathamangira chitsekero cha radiyeta, ine nkuwagwira dzanja.

"Mukufuna tilire maliro awiri? Madzi owirawo akusupulani nkhope. Idikireni izizire."

Injini yotentha siimva kuti uli pachangu. Wa kabaza panalibe ndi mmodzi yemwe, onse anali ku mapemphero. Tinangoima padzuwa, chinkuzamawu cha mu mzikiti chikumveka chapatali, iwo akubwereza kuti izizira pompano.

Posowa chochita anagwada nkusuzumira kunsi kwa nambala ya galimoto. Anakhala chogwada choncho osadzuka, mpaka nane ndinawerama. Kumaso konse kwa radiyeta kunali kutatsekeka ndi mankhusu a mpunga ndi njere za udzu, zomatana ndi matope ngati khoma lozira. Mphepo ikanalowera pati? Anali mankhusu a kuchigayo kumene amuna anga amaimika galimoto sabata ndi sabata, ndi udzu wa njira ya kumunda kwathu. A Bashiru sanalimepo mpunga chibadwire.

A Lackson anatola kamtengo nkuyamba kutokosa, suti yositasita ija ili m'fumbi. Anatsuka ndi madzi a m'chigubu, otsala nkuthira m'kati injini itazizira. Galimoto inakwera chitunda chonse osadandaula.

Tinakumana ndi azibambo akutsika kuchokera kumanda, jeneza lopanda kanthu lili pamapewa a anthu ena. A Lackson anaima pambali pa njira, shuga ali m'manja.

M'nyumba ya siwa, akazi a malemu anandigwira mkono. Sanali okwiya, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka kwambiri.

"Dzana lomweli ankafunsa," anatero, "akuti kaya galimoto ya achimwene ija inachira."

Inachira. Mpaka lero kamuvi kaja sikasuntha pakati, ngakhale pa chitunda cha ku Naisi. Koma tikamadutsa pa Songani amuna anga sayang'ana mbali imene kunali nsalu, ndipo chigubu chija akukana kuchitsitsa.