Dona Wasunga Pakamwa

Amawotchi ankakhulupirira kuti chinthu chimayenda bwino pokhapokha iwo akuchiyang'ana. Tisawanene kwambiri, inawaononga ndi ntchito. Munthu amene wakalambira pabenchi, diso limodzi atatsinzina, linalo ataikapo kagalasi, akusuzumira m'mimba mwa wotchi, sangafike kunyumba n'kuvula khalidwelo pakhomo ngati nsapato. Ketulo ikakhala pamoto ankaiimirira. Akazi awo akamasokerera batani, iwo ankalangiza singano. Ndiye chibwerereni thanki yagalasi pabalaza, nsomba nazo zinasowa mtendere.

Thankiyo inali pakati pa kabati ndi zenera. Pansi pake panali mchenga woyera ndi miyala yosanjikizana yokhala ndi timapanga, pakona pali kapampu kotulutsa thovu. Munkakhala nsomba zija amati mbuna. Yamphongo, yabuluu yamizere yakuda, anaitcha Bwana, chifukwa ntchito yake inali kuthamangitsa anzake basi. Yaikazi yachikasu inali Dona. Mainawa anapereka ndi Mzime, mwana wawo wotsiriza, amene anali yekhayo wotsala pakhomo.

Tsono mbuna siikira mazira n'kuwasiya. Yaikazi imawatola ndi pakamwa, n'kuwasunga momwemo mpaka ataswa, tianato n'kukhalabe m'kamwa mpaka titakhwima. Nthawi yonseyi mayiyo sadya kanthu. Amawotchi anali atadikira zimenezi mpaka kutopa. Ndiye m'mawa wina ataona Dona akukana chakudya, chibwano chitafufuma, anatsala pang'ono kuvina.

"Mayi, tabwerani mudzaone. Dona wasunga pakamwa."

Akazi awo anasuzumira kuchokera kukhitchini, m'manja muli thovu la sopo.

"Watengera eni nyumba," iwo anatero. "Muno osunga pakamwa akuchuluka."

Amawotchi anamva ndithu, koma anachita ngati akukonza kapampu. Nkhani inali ya Mzime. Mtsikanayu anali atamaliza maphunziro a unamwino, ndipo anapeza ntchito pachipatala cha mumzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Akulu ake onse anakwatiwa pafupi, moti bambo awo ankatha kuwayendera pobwera kuntchito n'kuwauza kuti mawotchi awo apakhoma akuchedwa. Mzime atawauza za ntchitoyo, iwo anangoti, "Tiona." Atafunsanso, "Tiona." Achipatala anali atanena kuti akapanda kufika kumayambiriro a mwezi, malowo apatsa wina. Mzime naye anali ndi liuma la bambo ake lomwelo. Anati sachoka pakhomo ngati wothawa, apita pokhapokha bambo atanena ndi pakamwa pawo.

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, bambo," akazi awo ankatero.

"Ine ndikuweta mbuna, osati ng'ona."

Amawotchi anamusamutsira Dona m'kathanki kayekha patebulo lodyera, kuti Bwana asamamusautse. Banja linayamba kudyera pamiyendo. Kachitini ka chakudya cha nsomba Amawotchi ankayenda nako m'thumba la jekete, chifukwa tsiku lina akazi awo anathira chambiri madzi n'kuchita mbuu, ndipo mlandu umenewo unali usanathe. Kushopu ankatseka dzuwa likadali pamutu. Akafika kunyumba ankakoka mpando, mphuno n'kugunda galasi, kagalasi ka mawotchi kali padiso, tochi ili m'manja.

Masabata anapita. Kudzera pakhungu la chibwano cha Dona munkaoneka timaso takuda tambirimbiri, koma iye osatsegula pakamwa. Ankangobisala kuseri kwa mwala, mimba italowa m'kati, chikasu chija chitafwifwa. Nthawi yolavula ana inakwana n'kupitirira. Amawotchi anayamba kuchita mantha enieni, chifukwa ankadziwa kuti nsomba ikhoza kufa ndi njala ana ali m'kamwa. Mwezi nawo unali ukutha, ndipo sutikesi ya Mzime inali pamwamba pa wadirobu, yopanda kanthu.

Loweruka lomaliza la mweziwo anafika masana atatsimikiza mtima. Aweti ena amagwira nsombayo n'kuitsegula pakamwa kuti ana atuluke, ndiye iwo anabwera ndi kaukonde komanso kapani kawo kotolera tizitsulo ta mawotchi. Mzime ankasita zovala pakona.

"Mukufuna kumutani Dona, bambo?"

"Ndimuthandize. Payekha zamukanika."

"Musiyeni. Anawo amawatulutsa tsiku lililonse."

Amawotchi anatembenuka, kaukonde kakudontha madzi pamkeka.

"Liti?"

"Mukangotuluka kupita kuntchito. Timasambira thanki yonseyi. Koma chitseko chikangolira, mthunzi wanu n'kugwera pagalasi, amatitolanso tonse. Amayesa kwabwera chilombo."

"Chilombo? Ineyo?"

"Nanga diso lija mumaika pagalasi, bambo, inu mutaliona mungatani?"

Akazi awo, amene anali ataima pakhomo la kukhitchini, anaseka mpaka kugwira mphuthu ya chitseko.

"Ndiye ngati amatsegula pakamwa, bwanji sakudya?" Amawotchi anafunsa, mawu atayamba kuchepa.

Mzime anangoyang'ana thumba la jekete lawo, pamene kachitini kanatukula nsalu.

"Nanga bwanji osandiuza masiku onsewa?"

"Tinati tiona," akazi awo anatero.

Mayi ndi mwana anawalanda kaukonde, kapani, tochi ndi kachitini komwe, n'kuwanyamulira mpando mpaka m'kanjira kopita kuzipinda, kumene thankiyo inkaoneka ngati kabokosi ka machesi. Anawauza kuti akhale pamenepo, asatsokomole.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," akazi awo anawakumbutsa.

"Mwambi umenewo ndimauza anthu ndine."

"Lero muumve."

Anakhala. Manja anasowa pogwira. Kwa munthu ngati iwo, kukhala patali chinthu chikuchitika kunali chilango chachikulu. Kapampu kankangolira. Panja wina ankakhoma msomali. Kenaka Dona anatuluka kuseri kwa mwala, nazungulira pang'ono, n'kuyasamula. M'kamwa mwake munatuluka kamtambo ka timadontho, n'kumwazikira pamchenga. Mzime anayandikira chowerama, nathira chakudya pang'ono chabe. Dona anachithamangira ndi liwiro limene Amawotchi anali asanalionepo, nadya mosayang'ana kumbali.

Zinawapweteka mtima. Anachita manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali chisoni. Nsomba ija ankaikonda, anaitsekera shopu, anaiyatsira tochi, ndipo anatsala pang'ono kuipha ndi iwo omwe.

Koma khalidwe silifa tsiku limodzi. Anadzuka pang'ono kuti aone bwino, mpando n'kukhuluza pansi. Nthawi yomweyo tiana tonse tinathamangira kwa make, Dona atayasamula. Tina tinalowa, tina tinapanikizana pakhomo michira ili panja. Chibwano chinafufuma mpaka polekezera, koma tambiri tinatsala. Kamodzi kanayesa kawiri, kanalephera, kenaka kanatembenuka n'kupita kokha kukajompha ndere pamwala.

"Takula," Mzime anatero chapansipansi. "Sitikukwanamonso."

Amawotchi anakhalanso pansi bwinobwino. Anayang'ana kansomba kaja nthawi yaitali, ngakhale kuti pamene analipo sakanatha kukasiyanitsa ndi kachitsotso. Kenaka anayang'ana mulu wa zovala zimene Mzime ankasita. Pamwamba penipeni panali yunifolomu yoyera, yopindidwa bwino, imene mwanayo ankaisita Loweruka lililonse n'kuibwezera m'wadirobu osaivala.

"Basi yako ikunyamuka mawa?"

Mzime anaimika simbi.

"Mawa m'mawa, bambo."

"Tsitsa sutikesi ija. Pita, mwana wanga. Ukagwire ntchito."

Mawuwo anatuluka mokakamira, koma anatuluka onse. Akazi awo anabwerera kukhitchini mwachangu, n'kutsegula mpopi ngakhale kuti mbale zinali zotsukatsuka. Mzime anabwera n'kugwada pafupi ndi mpando. Amawotchi anamasula wotchi yapamkono pawo, imene sinachokepo pamenepo chibadwire mwanayo, namuveka. Lamba wake anali wamkulu, moti wotchiyo inatsetserekera mpaka pachigongono.

"Ukabooletse bowo lina kumeneko," iwo anatero. "Wina aliyense angathe."

"Nanga ikakayamba kuchedwa, inu kulibe?"

"Siichedwa. Imayenda yokha imeneyo, ngakhale osaiyang'ana."

Mzime anapita kukatsitsa sutikesi. Amawotchi anatsala pampando paja m'kanjira, dzanja likusisita pamkono pamene panatsala mzere wotuwa. Thanki inali apo, ndipo palibe amene akanawaletsa kuyandikira.

"Mayi," anaitana patapita kanthawi, "tapitani mukaone ngati watulutsanso. Muzindiuza muli komweko, ine ndikhala konkuno."