Khosi la Tambala wa a Nélida

Evaristo anali munthu wa imvi zake ndi zidzukulu zake, koma m'mawa umenewo ankatsetserekera kumtsinje wa Chimehuín akudumphadumpha ngati kamwana ka mbuzi. M'kabokosi kam'thumba munali ntchentche yowedzera imene anamanga yekha pambedza: nthenga zagolide, ulusi wofiira, yokongola moti mwini wakeyo ankalakalaka kuimeza.

Ntchentcheyo inali ya a Nélida, mayi wamasiye amene ankaponya chingwe chowedzera kuposa mwamuna aliyense m'tauni ya Junín. Khalidwe lawo tonse tinkalidziwa. Mwamuna wowafuna ankawamangira ntchentche, iwo n'kunena zikomo, n'kuibaya pachipewa, basi nkhani yathera pomwepo. Chipewacho chinali chitachita kulemera ndi amuna okanidwa. Ya wogulitsa nyama inali pamenepo, ya mphunzitsi wamkulu inalinso pomwepo, koma palibe imene inalawako madzi. Evaristo ankawakonda mayiwo zosachita kufunsa, ndipo chipewacho ankachiopa kuposa imfa.

Anawapeza akhala pamwala akumwa tiyi wakumeneko wotchedwa mate. Anamupatsira chikho, iye n'kupsa nacho lilime chifukwa cha phuma, kenaka n'kutsegula kabokosi.

A Nélida anaitembenuza ntchentcheyo padzuwa, n'kuiuzira mpweya.

"Nthenga izi ndikuzidziwa, a Evaristo."

"Nkhuku zimafanana, mayi."

"Tambala wanga Capitán khosi lili mbee. Akubisala kuseri kwa nkhuni, misoti ikumuseka. Ine ndimati ndi nkhandwe, osadziwa kuti nkhandwe yake ndi yovala magalasi."

Nanga akanatani munthu? M'dera lonselo nthenga zoyenera a Nélida zinali pakhosi pa tambala wa a Nélida omwewo. Evaristo anachita kumunyengerera tambalayo ndi chimanga pampanda, mpaka lero chala chili ndi chipsera chomwe anamujompha.

"Ndinangozula zochepa," anatero. "Zina ankagwetsa yekha polimbana nane."

Dzanja la mayiwo linakwera kuchipewa. Evaristo anayamba kuyang'ana pamene amuike, kaya pafupi ndi wogulitsa nyama. Koma iwo anavula chipewacho n'kumupatsira.

"Tandigwirirani, mphepoyi yanyanya."

Anamangirira ntchentche ija kuchingwe, n'kuluma mfundo ndi mano, n'kulowa m'madzi mpaka m'chiuno. Chingwe chinavina m'mwamba, kutsogolo, kumbuyo, kenaka ntchentche inatera pamadzi mwakachetechete. Isanayende n'komwe, madzi anang'ambika. Nsomba ya trucha yamawangamawanga, yaitali ngati mkono, inalumpha nayo kukamwa.

Evaristo sanadziwe kuti walowa liti mumtsinje, nsapato zake zakutchalitchi zili kuphazi. Ankaseka, ankalira, ankalangiza munthu wodziwa kuposa iye. Madzi ozizirawo sanawamve n'komwe.

Nsombayo itatopa, a Nélida anaichotsa mbedza bwinobwino, n'kuigwira m'madzi mpaka inapezanso mphamvu, n'kuisiya ipite.

"Madzulo mubwere ndi ubweya wa nkhosa," anatero osamuyang'ana, koma masaya akugwedera. "Mumulukire Capitán chofunda cham'khosi, mukamupepese. Muzolowerane ndithu, chifukwa wom'patsa chimanga m'mawa uliwonse mukhala inu."

Evaristo anakweza manja onse awiri kumwamba, ndipo m'pamene anazindikira kuti m'manjamo mulibe kanthu. Chipewa chija chinali kale kumunsi, chikuzungulira pamadzi ndi amuna ake onse. A Nélida anachiona chikukhota pangodya, n'kufunsa ngati madzi a mate akadali otentha.