Mkono wa a Petro

"Finyani chala changa, a Petro. Finyani ngati mukufinya ndimu," anatero a Mwanamkuu.

Zala za a Petro zinanjenjemera, kenako zinapindika pang'ono. Chiwagwirireni sitiroko, aka kanali koyamba kuti dzanja lamanjalo limvere mwini wake. Iwo anali makaniko ku Chang'ombe, ndipo popanda dzanja limenelo ntchito inali itatha. A Mwanamkuu, mayi wachikulire wochokera ku Mangochi amene anakulira m'dziko la enili, ankabwera m'mawa uliwonse kudzawathowa ndi nsalu yoviika m'madzi otentha, kenako n'kuwatikita ndi mafuta a nazi. Luso limeneli anatengera kwa amayi awo.

A Leticia, akazi awo a bambowa, ankachapa panja nkhope atalozetsa kwina. M'chipindamo ankalowa pokasiya chakudya basi, ndipo palibe ankawanena. Amuna awowo anawathawa kalekale n'kukakhala ndi mkazi wina ku Tegeta. Atagwa ndi matenda, mkazi uja anawakweza bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, n'kudzawatula pakhomo ngati thumba la makala.

"Hodi! Shikamoo, mama." Wopereka moni waulemuwo anali a Godbless, mjumbe wa deralo, amene amafikitsa mauthenga a boma khomo ndi khomo.

"Marahaba. Mwabweretsa msana wopweteka kapena nkhani?" anafunsa a Mwanamkuu akupukuta m'manja.

"Nkhani, mama. Aboma atseka nyumba zingapo zotikitira minofu kumsewu waukulu. Mukudziwa zimene zinkachitika kuseri kwa makatani. Tsopano akuti aliyense wotikita anthu akhale ndi kibali, chiphaso cha boma. Dzina lanu latchulidwa."

"Ine? Ndi imvi zangazi mundiphatikize ndi atsikana a m'makatani?"

"Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Kalembetseni ku ofesi. Mungotenga chitupa chanu cha unzika."

A Mwanamkuu chitupa analibe. Analowa m'dzikomo ali mtsikana potsatira amuna awo, amunawo anamwalira, ndipo za mapepala palibe anazilondola. Kupita ku ofesi kunali kukadziulula okha. A Godbless ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake anatsitsa mawu.

"Mukapitiriza, adzabwera ndi a uhamiaji, oona za alendo. Ine ndakuuzani ngati mwana wanu."

Atachoka, a Petro anayesetsa kulankhula ndi pakamwa pawo popotoka. "Mawa... mubwera?"

"Sindibwera, baba."

Zinawapweteka kwambiri kunena mawu amenewo, chifukwa ankadziwa kuti mkono umene wayamba kudzuka ukasiyidwa, umauma osadzawongokanso. Anatuluka n'kukaima pafupi ndi beseni limene a Leticia ankachapira.

"Amake Pendo, boma landimanga manja. Koma mkazi kugwira mwamuna wake sipafunika kibali. Bwera ndikuonetse."

A Leticia anaseka kuseka kowawa. "Ine ndigwire thupi limenelo? Lili ndi mphamvu linkadyedwa ku Tegeta, ine andibweretsera makoko. Ndimaphika, ndimachapa zofunda akaipitsira. Za Mulungu ndachita, mama. Koma manja angawa ayi."

A Mwanamkuu anangotenga mkono wa a Leticia, uli ndi thovu lomwe, n'kuyamba kuutikita kuchokera paphewa.

"Uyambire apa. Usakoke, uzitsata mnofu kumene ukupita. Ukafika pachigongono ufatse. Zala uziwongola chimodzichimodzi, ukumulankhula."

Asanafike n'kuzala komwe, a Leticia anayamba kulira, kulira kogwedeza mapewa. Panali patapita zaka zambiri munthu asanawagwire mwachifundo choncho. A Mwanamkuu anawasiyira botolo la mafuta pawindo, nafunda kanga yawo, n'kumapita.

M'mawa mwake a Leticia anatereka madzi. Analowa nawo m'chipinda, naviika nsalu, n'kuthowa mkono wonse monga ankachitira mayi aja. Zimenezo anatha, poti pakati pa dzanja lawo ndi thupilo panali nsalu. A Petro ankawayang'ana misozi ili mbwembwembwe.

"Pepa... Leticia."

A Leticia anatsegula botolo, nathira mafuta pachikhatho. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mkono umene unanyamula sutikesi tsiku lija anawathawa, ana akulira pakhomo. Anayesa kutsitsa dzanja, koma mtima unakana. Anapukutira mafutawo pachitenje n'kutuluka.

Tsiku lililonse zinkathera pomwepo. Madzi ankatereka, kuthowa ankathowa, koma pa mafuta ankalephera, ndipo akatuluka ankakalirira kuseri kwa nyumba. Pamene mvula inkayamba, zala za a Petro zinali zitafumbatiratu, zosatheka kuwongola ngakhale ndi dzanja linalo.

A Mwanamkuu anamva nkhaniyi kwa anthu. Kuyambira pamenepo, popita kumsika anayamba kudzera njira yozungulira, kupewa kudutsa panyumba ya a Petro.